Mwaima Kapena Simunaime?

Nkhaniyi inandipeza pa jamu ya magalimoto pa Limuru Road, mu Nairobi, Lolemba m'mawa, ndikumeza malovu kuti ndisasanze m'galimoto. Foni inalira. Anali Jean, mnzanga wa ku Lilongwe amene tinagona chipinda chimodzi ku sekondale.

"Isabel, iwe ndiwe woipa mtima," anayamba choncho, moni osapereka. "Nkhani yaikulu chonchi, ife anzako tizimvera m'nyuzipepala?"

"Nkhani yanji?"

"Usandipusitse apa. Tsamba loyamba! Akuti, mayi wa ku Nairobi waima."

Dzanja langa linathamangira pamimba lokha. Anthu amene ankadziwa za pamimba pamenepo anali awiri basi: mwamuna wanga Medson ndi dokotala wanga.

"Jean, alemba zimenezo m'nyuzipepala?"

"Ndi chithunzi chomwe! Akuti ukalimbana ndi azibambo asanu aja ku msonkhano waukulu wa chipani. Ine voti yanga watenga kale, a pulezidenti."

Kondakitala wa minibasi, ija ku Nairobi amati matatu, anamenya galimoto langa ndi chikhatho kuti ndisunthe. Ndinasuntha, koma sindikukumbuka kuti ku ofesi ku Gigiri ndinafika bwanji.

Chinali chaka cha 2003. Kumudzi kunali kutatentha ndi ndale. Chipani china chachikulu chinali pafupi kusankha munthu wodzachiimira pa mpando wa pulezidenti, ndipo manyuzipepala ankati sabata iliyonse andanda zithunzi za ofuna mpandowo ngati ng'ombe za pamsika: uyu wanenepa, uyu akutsimphina, uyu akuoneka kuti ali ndi mwini wake. Ine ndinali kunja kwa zonsezo. Ntchito yanga inali ya madzi ndi zimbudzi ku bungwe lina la mayiko, ndipo nsalu ya chipani sindinaimangepo m'chiuno chibadwire.

Koma kuima kokha ndinali nditaima ndithu. Kuima kwake kuja amanena amayi athu akamanong'onezana kuseri kwa nyumba. Ndinali ndi pathupi pa miyezi inayi, ndili ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, nditapita padera katatu.

Ku ofesi ndinapeza fakisi ili pa tebulo, wina wa ku Blantyre ataitumiza. Abale inu, chithunzi chake! Anatenga cha pa ukwati wa mchimwene wanga, pamene ndinkavina pelekanipelekani dzanja lili m'mwamba. Akwati anawadula, anthu ovina nawo anawadula, n'kutsala ine ndekha, kukamwa kuli yasa, chibakera m'mwamba ngati ndikulankhula pa msonkhano. Pansi pake analemba kuti, "Dr. Isabel Kamwaza: akuti nthawi ya amayi yakwana." Ndinanena liti zimenezo ine? Dzina la wolemba linali Spencer Mlangali.

Spencer ndinkamudziwa. Anali bambo wamkulu kale, mtolankhani amene anabwera ku Nairobi kudzawonjezera maphunziro, ndipo ankatumizabe nkhani kumudzi. Pa maphwando a Amalawi sankasowa, ndipo khutu lake linkadya kuposa pakamwa pake.

Madzulo ndinafika kunyumba ku Runda mutu ukuwira. Medson ndinamupeza pakhonde, nsapato atavula, nkhope ngati mwana amene waswa mbale.

"Medson, mwauza ndani?"

"Amayi, khalani pansi kaye."

"Sindikhala. Mwauza ndani?"

Anafotokoza mozungulira, koma mutu wake unali uwu. Pa 6 July Amalawi anakumana kwa a Blackson ku Kitengela kukondwerera ufulu wa dziko lathu. Ine sindinapite chifukwa fungo la mbuzi yootcha linkandidula mtima. Azibambo anazungulira moto n'kumakangana za ofuna mpando aja, uyu angathe, uyu sangathe, chipani chikusowa nkhope yatsopano. Mkangano uli mkati, a Blackson anafunsa kuti, "Nanga alamu athu ali kuti lero?" Medson, mowa utamufewetsa ndiponso chimwemwe chikumuyabwa pakhosi, anawerama n'kunong'ona kuti, "Alamu anu aima." A Blackson anamva bwinobwino n'kumugwira chanza. Koma kumbuyo kwawo kunali Spencer akutembenuza nyama.

"Basi? N'zomwezo?" ndinafunsa.

Medson anakanda m'mutu. "Anandiimbiranso foni mkati mwa sabata. Anati, ndamva kuti madamu aima, n'zoona? Ine ndimayesa akundifunira mafuno abwino."

"Ndiye munati chiyani?"

"Ndinati n'zoona, koma musauze anthu, nthawi yolengeza sinakwane."

Ndinaseka. Osati kuseka kwa chisangalalo, kuseka kuja umaseka poopa kuti ukapanda kutero ugenda munthu ndi mpando. Munthu wophunzira, woyendetsa nkhani za ndege za mayiko angapo, kulephera kuyendetsa lilime limodzi lokha!

"Ingokanani," anatero Medson. "Mawa muwaimbire, muwauze kuti simunaime, nkhani ithe."

Apo m'pamene ndinakhala pansi. Iye ankadziwa chifukwa chake sindikanatha kunena mawu amenewo, koma anali ataiwala. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Mimba ziwiri zoyamba ndinalengeza ndekha, dziko lonse linadziwa, ndipo zitachoka ndinavutika kuyankha mafunso a anthu. Yachitatu ndinabisa. Tinapita kumudzi ku Mponela pa Khirisimasi, ndipo apongozi anga Anachisale, amayi ake a Medson, anandiyang'ana kuyambira kumapazi n'kundifunsa pansipansi kuti, "Kodi mwaima?" Ine ndinati, "Iyayi amayi, sindinaime, ndangonenepa." Sabata imeneyo isanathe ndinali m'chipatala, mimba itachoka. Ndine munthu wa sayansi ine, musandiuze. Ndikudziwa kuti mawu sachotsa mimba, adokotala anandijambulira zonse pa pepala. Komabe ndinalumbira ndili pabedi lija kuti Mulungu akadzandipatsanso, sindidzalengeza nthawi isanakwane, ndiponso sindidzamukana mwana wanga ndi pakamwa panga. Tsopano dziko lonse linkafuna kuti ndichite chimodzi mwa ziwirizo.

M'mawa mwake abwana anga anandiitana. Anali mayi wa ku Ulaya, wofatsa koma wa malamulo. Anandikumbutsa kuti wogwira ntchito m'bungwe lathu saloledwa kulowa ndale za dziko lililonse, ndipo akuluakulu a boma la kwathu anali atafunsa kale kuti bungwe likutanthauza chiyani. Ndikanatha kuwauza zoona, inde. Koma ku ofesi kwathu ukauza munthu mmodzi wauza Gigiri yense, madalaivala ndi ophika tiyi omwe. Ndinangoti ndi bodza, ndilemba chikalata chotsutsa.

Ndinalemba m'Chingerezi, chifukwa m'Chingerezi mpando ndi mimba sizigwirizana. Ndinati sindikupikisana nawo pa udindo uliwonse. Mukuganiza kuti zinathandiza? Loweruka lotsatira mutu wa nkhani unali wakuti, "Kamwaza wakana, koma onse amayamba ndi kukana." Katswiri wina wa ndale, amene sanandionepo ndi maso, anafotokoza kuti kukana kwangako kukusonyeza kuti ndine wochenjera kuposa azibambo aja. Nyuzipepala ina inafunsa anthu m'misewu ya mu Limbe n'kupeza kuti ndili pa nambala yachitatu. Ine! Ndinaposa bambo amene anagulitsa ng'ombe zake kuti agule nsalu zogawa.

Tulo tinathawa, chakudya chinkangobwerera. Askari wolondera pa geti lathu anayamba kundipatsa sawasha n'kumanditchula kuti mheshimiwa, kutanthauza olemekezeka. Ophunzira a ku Malawi anabwera gulu Lamlungu masana, Akhristu ndi Asilamu pamodzi, atasankhana kale wapampando ndi mlembi wa komiti yanga ya kampeni. Ndinawapatsa tiyi n'kuwathamangitsa, ndipo anachoka akutsinzinirana maso ngati tamvana. Ndinkayenda m'nyumba monse, kukhala apa, kunyamuka, kutsekula zenera, kulitsekanso. Ndinkati ndikalowa kubafa mtima uli m'mwamba, kuopa kuona magazi. Adokotala atandiyeza anapukusa mutu. "Mama, magazi anu akuthamanga kwambiri. Chikukudyani n'chiyani?" Ndikanawauza kuti chikundidya ndi mawu amodzi a Chichewa?

Spencer ndinakamupeza kusukulu kwawo, pansi pa mtengo, akudya chapati.

"A Mlangali, mwandilakwira. Chotsani bodza lanu lija."

Anapukuta manja mosapupuluma. "Mayi, ine sindilemba za m'mutu. Ndili ndi tepi ya amuna anu."

"Simunamve bwino."

"Ndiye tandiuzani, ndinamva molakwa pati? Aima, n'zoona, nthawi yolengeza sinakwane. Chichewa chimenechi n'chovuta?"

Iye anamwetulira, kuganiza kuti wandigwira.

"Musaope, mayi. Dzina lanu likugulitsa nyuzipepala kuposa onse aja. Mudzandithokoza."

Chinandipyoza mtima si Spencer ayi. Anali wolemba nkhani wina amene ankakonda mmodzi wa azibambo asanu aja. Iye analemba nkhani yaitali yondinyoza: wakhalitsa kunja, sadziwa mtengo wa feteleza, tsitsi lake n'logula. Zimenezo ndinaseka. Koma kumapeto anafunsa kuti, "Mayi amene sanalerepo mwana ngakhale mmodzi angalere bwanji dziko?" Ndinawerenga nditaimirira m'khitchini. Ndinalira, ndikuuzeni zoona, ndinalira mpaka Medson anachita mantha n'kufuna kuitana adokotala. Zaka zonse zija za kubaya jakisoni, kupemphera, kumwetulira pa maphwando a ana a anzanga, munthu n'kuzipinda kukhala chiganizo chimodzi choti anthu aseke m'minibasi.

Tsiku lomwelo apongozi anaimba foni kuchokera ku telefoni byulo ya pa Mponela. Anachisale si munthu woimba foni wamba. Ubale wathu unali wa ulemu koma wozizira, chifukwa mumtima ndinkadziwa kuti amandiwerengera zaka zopanda mdzukulu.

"Mwaswera bwanji, amayi?" ndinatero.

"Ndaswera. Nkhani yanu taimva kuno."

"Amayi, anthu a nyuzipepala aja..."

"Sindinafunse kanthu ine," anandidula. "Ndangoti ndikuuzeni kuti musamanyamule zolemera. Ndiponso kuyendayenda muchepetse. Basi, mafoni ngodula."

Anadula. Ndinayang'ana Medson, maso ali psuu. "Mwawamva amayi anu? Nawonso akuti mpandowo ngolemera, ine sindingauthe. Ngakhale mpando umene sindikuufuna akundimana!"

Medson anali ataphunzira kutseka pakamwa, koma mochedwa.

Sabata yachitatu abwana anandiitananso, nkhope itasintha. Nduna ina ya kumudzi inali itakana kusaina pangano la mijigo ya m'maboma atatu, ati sangagwire ntchito ndi bungwe limene likulera wopikisana nawo. Abwana anati wayilesi ina ya ku Blantyre yapempha kucheza nane Lachisanu masana pa foni, anthu akumva. Ndikathetse nkhaniyo pamenepo, m'chilankhulo chimene anthu akumudzi amamva. Ikapanda kutha, ndiyambe ndakhala kunyumba, ndipo tonse tinkadziwa kuti kukhala kunyumba kotero sabwererako.

Ndinakonzekera ngati mayeso. Ndinasankha mawu oti ndizembere: sindikupikisana nawo, sindikufuna mpando, sindili m'chipani. Onsewo ndi oona, ndipo palibe amodzi okhudza mwana wanga. Lachisanu ndinatseka chitseko cha ofesi. Medson anapempha tchuthi n'kudzakhala pa mpando wa alendo, manja ali pakati pa maondo.

Woulutsa mawu anali James Kathewera, munthu wa liwu lokoma ngati uchi koma wokakamira ngati nkhupakupa.

"Dr. Kamwaza, takulandirani. Dziko lonse latchera khutu. Tiuzeni za ulendo wanu wa ku msonkhano waukulu."

"Zikomo a Kathewera. Ulendo umenewo kulibe. Ine sindikupikisana nawo, sindili m'chipani chilichonse, ntchito yanga ndi ya madzi."

"Onse amatero, mayi. Ngakhale aja anagula kale nsalu ankatero mwezi wathawu."

"Ine sindikufuna mpando."

"Kufuna n'kwina, kuima n'kwina. Ena amaimikidwa ndi anthu. Tamverani kaye mawu awa."

Kunamveka phokoso la tepi, kenaka liwu la mwamuna wanga, lonyada, lonjenjemera ndi chimwemwe: "N'zoona, aima ndithu. Koma musauze anthu, nthawi yolengeza sinakwane."

Medson anabisa nkhope m'manja.

"Amenewo ndi amuna anu, si choncho?" anafunsa James.

"Ndi iwowo."

"Ndi abodza?"

"Si abodza."

"Ndiye tisazungulire ngati galu wofuna pogona. Ndikufuna yankho limodzi, Amalawi amve. Mayi Kamwaza, mwaima kapena simunaime?"

Mawu aja anali okonzeka pa lilime. Sindinaime. Ndi aafupi, sachedwa kutuluka. Ndikanangowatchula, ntchito yanga ikanatsala, mijigo ikanakumbidwa, abwana akanapuma. Ndinakumbuka khonde la ku Mponela ndi mmene mawu omwewo anatulukira mosavuta tsiku lija. Pa foni pankangomveka mpweya wa pakati pa Nairobi ndi Blantyre.

"Mayi, muli pomwepo? Anthu akudikira."

Ndiye ndinamva kanthu pansi pa mchombo. Kanali kakang'ono, ngati chala chogogoda pa chitseko cha nyumba ya eni. Kanasiya, kenaka kanagogodanso. Atatu oyamba aja palibe amene anafika pogogoda. Ndinagwira pamalopo ndi dzanja lonse.

"Ndaima," ndinatero.

"Eee! Mwamva nokha, Amalawi! Dr. Kamwaza avomera kuti..."

"Ndaima, a Kathewera, ndipo mwezi uno ndi wachisanu."

"Mwezi wachisanu mukukonzekera kampeni mobisa?"

Kumbuyo kwake, mu situdiyo momwemo, mayi wina anakuwa kuti, "Mayo ine, James!" Kenaka kunamveka kuseka, mpando kugwa, ndi kunong'onezana.

"Mayi," anatero James pomaliza, liwu la uchi lija litauma, "mukutanthauza kuti... ndinu oyembekezera?"

"Ndimayesa Chichewa n'chanu. Ndakhala ndikukuuzani kuti mpando sindikuufuna, inu osamva. Chimene amuna anga ankanena n'chimenechi. Mwandivula pagulu, zikomo. Ndipo bambo aja analemba kuti sindinalerepo mwana, auzeni kuti sananame. Ndataya atatu. Uyu ndimamubisa kuti mwina akhale."

Ndinaika foni pansi ndisanatsanzike. Ntchito inali itapulumuka, zimenezo ndinadziwa, koma sindinasangalale mpang'ono pomwe. Ndinali ndi mantha okhaokha. Chinthu chimene ndinachifungatira miyezi yonseyi tsopano chinali m'minibasi, m'zigayo, m'mabawo a dziko lonse. Chikachokanso, ndidzayankha mafunso a anthu mamiliyoni.

Foni ya m'manja inayamba kulira osalekeza. Jean, a Blackson, Spencer katatu konse. Sindinayankhe. Kenaka panaoneka nambala ya byulo ya pa Mponela. Ndinafuna kuisiya, koma Medson anandiyang'ana mondipempha.

"Amayi, pepani," ndinayamba, "mwamvera pa wayilesi nkhani yofunika kuti ndikuuzeni ndekha."

"Pa wayilesi?" anatero Anachisale. "Ine ndinamva tsiku lomwe lija mwana wa aphunzitsi anatiwerengera nyuzipepala ku chigayo. Atangoti mayi wa ku Nairobi waima, tonse amayi tinayang'anana. Azibambo ndi amene anayamba za mavoti."

"Munadziwa? Nthawi yonseyi?"

"Nanga mkazi akaima amaima chiyani? Amayi a mvano onse akudziwa. Takhala tikukumana Lachinayi lililonse kukupemphererani, dzina osatchula."

"Bwanji simunandifunse, amayi?"

Ndinamva phokoso la pa byulo, njinga ikulira belu, munthu akutsatsa mandasi.

"Ndinakufunsani kamodzi pakhonde paja," anatero pang'onopang'ono. "Ndinakuikani pakona, inu n'kukana chifukwa cha ulemu. Zimene zinatsatira zija zakhala zikundidya mpaka lero. Ndinati ulendo uno pakamwa panga sipadzatuluka funso."

Misozi inangoyamba yokha. Zaka zonsezi ndinkayesa mayiyu amandiwerengera mlandu, osadziwa kuti naye anasenza mtolo womwewo, mbali inayo.

"Amayi," ndinatero, "wagunda. Lero lomwe, ndili pa wayilesi."

Sanaimbe nthungululu, sanakuwe. Ndinangomva akupuma mwamphamvu, kenaka akuuza mwini byulo kuti asadule, awonjezera.

"Ikani foniyo pamimbapo," anatero Anachisale. "Inu ndalankhula nanu kale."